Momwe mungatsatsire filimu mogwirizana ndi masitolo mu Mzuzu

Mu Mzuzu filimu yatsopano imaonetsedwa kawirikawiri m'holo ya hotela, ya mpingo kapena ya sukulu, ndipo pambuyo pake imatsikira ku timanyumba ta vidiyo ta ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Zolozolo. Holo yobwereka ilibe anthu ake amene amabwera okha Loweruka lililonse, choncho aliyense wodzakhala pampando muyenera kukamutenga nokha kumene ali. Vuto ndi lakuti tsiku loonetsa likamayandikira, ndalama zimakhala zitathera pa kujambula, kulipira ochita sewero ndi kubwereka jenereta. Sitolo imathandiza pamenepa, chifukwa anthu amene inu mukuvutika kuwafikira amalowamo okha tsiku ndi tsiku kukagula shuga, sopo ndi mayunitsi.

Musanapite kwa mwini sitolo aliyense, konzani mapepala anu. Lamulo la 1968 loyang'anira zisangalalo limafuna kuti filimu yoonetsedwa pagulu iunikidwe ndi Censorship Board, ndipo ngati muli nyimbo za anthu ena m'filimuyo, nkhani yake muithetse ndi eni nyimbo komanso a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Zomata m'misewu muzifunsire kukhonsolo ya mzinda. Wamalonda wanzeru adzakufunsani zimenezi, popeza dzina la sitolo yake likhala pa posita yanu.

Kenaka sankhani masitolo potsata anthu amene filimuyo ikuwalankhula, osati potsata kukula kwa nyumba. Filimu ya achinyamata ikufuna magolosale, malo ometera ndi ogulitsira mafoni a ku Luwinga, kumene ophunzira a ku Mzuzu University amadutsa m'mawa ndi madzulo. Filimu ya nkhani za m'banja ingayende bwino kudzera mwa ogulitsa zitenje ku msika wa Taifa, chifukwa mayi wosankha chitenje sathamanga. Amatambasula ichi, n'kupinda, n'kutambasula china, ndipo nthawi yonseyo akucheza ndi wogulitsa. Masitolo akuluakulu okhala ndi nthambi m'mizinda ingapo ali ndi anthu ambiri, koma woyang'anira nthambi ya ku Mzuzu nthawi zambiri sangavomere yekha, amayamba wafunsa kulikulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ngati mukuwafuna amenewo, kalata yanu ipite kutatsala miyezi iwiri. Ine ndimaona kuti masitolo asanu apakatikati, amene mwini wake amakhala pakauntala yekha ndipo angathe kukuyankhani tsiku lomwelo, amaposa sitolo imodzi yaikulu imene ikuyembekezetsani mpaka sabata yomaliza.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kalankhulidwe. Amalowa m'sitolo ngati opempha chithandizo, n'kuyamba kufotokoza za kutukula luso la m'dziko muno, pomwe mwini sitolo maganizo ake ali pa katundu amene wakhalitsa pashelefu. Iye adzamvetsera mwaulemu, adzanena kuti mubwerenso, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Pitani nthawi imene ogula achepa, monga cham'ma 10 koloko m'mawa pakati pa sabata, mupereke moni mosathamanga (kuno "monire adada" kapena "monire amama" amatsegula khomo kuposa kalata yotayipa), ndipo muyambe ndi phindu lake. Mungathe kunena kuti: "Bambo, matikiti a filimu yathu tikufuna azipezeka pano pokha m'dera lino, ndipo aliyense wowafuna tidzamulozera kwa inu pawailesi ndi pamaposita." Wobwera kudzagula tikiti satuluka ndi tikiti yokha, amatengako buledi kapena botolo la zakumwa, ndipo wamalonda aliyense amadziwa zimenezi popanda kumuphunzitsa.

Njira zogwirizanirana zilipo zingapo, koma yamphamvu ndi imene imamangiriza tikiti ku lisiti ya m'sitolo. Tiyerekeze kuti tikiti ndi K5,000. Mungagwirizane kuti wogula katundu wopitirira K20,000 aigule pa K4,000, ndipo K1,000 yochotsedwayo mugawane ndi sitolo theka ndi theka. Wogula amene katundu wake wafika K18,000 amaonjezera kapaketi ka tiyi kuti akwanitse, sitolo yapindula, inunso mwapeza munthu wodzakhala pampando. Njira ina ndi yobwezera anthu kusitolo filimu itatha: kachidutswa ka tikiti kotsala m'manja mwa woonera kakhale komuchotsera pang'ono mtengo akakagula kumeneko m'sabata yotsatira. Izi zimakondweretsa eni masitolo kwambiri, chifukwa amatha kuwerenga ndi manja awo tizidutswa tomwe tabwerera, n'kudziwa ngati mgwirizanowo unali waphindu. Ena amakonda kuchititsa mpikisano wa mwayi, koma umenewo uli ndi malamulo akeake a boma, ndipo pa filimu yoonetsedwa masiku awiri sindikuona chifukwa chodzisenzetsera mtolo wotere.

Palinso malo ogulitsira pakhomo la holo. Sitolo imene yakuthandizani ipatseni mwayi woika tebulo la zakumwa, mabisiketi ndi mtedza, yokha popanda wopikisana nayo, ndipo chizindikiro chake chioneke pakanema filimu isanayambe. Kupatsa n'kuika: amene wagulitsa makireti angapo usiku umodzi sadzavuta mukadzabweranso ndi filimu ina.

Zonse mwagwirizana zilembedwe, ngakhale patsamba limodzi, ndipo aliyense asayine. Mulembe chiwerengero cha matikiti amene mwasiya, manambala ake kuyambira woyamba mpaka womaliza, mtengo, gawo la sitolo pa tikiti iliyonse, tsiku lodzatenga ndalama, ndi dzina la munthu amene adzazipereke. Ine ndinaphunzira izi mowawa pamene ndinasiya kabuku ka matikiti m'sitolo ina popanda chosayinirana, chifukwa chodalira kuti woyang'anira tinkadziwana. Tsiku lokatenga ndalama ndinapeza atamusamutsa, ndipo wolowa m'malo mwake anangotukula mapewa, nati sakudziwapo kanthu. Tikiti iliyonse ikhale ndi nambala ndi chidindo, ndipo sitolo iliyonse ikhale ndi mtundu wake wa pepala kapena chilembo chake, kuti pakhomo mudziwe sitolo imene yabweretsa anthu ambiri. Ngati ogula alipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala yolandirira ikhale imodzi ndipo ilembedwe m'panganolo.

Musaiwale wogulitsa wa pakauntala. Mwini sitolo ndi amene amavomera, koma amene amalankhula ndi ogula ndi mtsikana kapena mnyamata wowerenga chenji, ndipo akapanda kuidziwa filimu yanu, matikiti adzagona m'dirowa pansi pa mabuku a ngongole. Muonetseni kachidutswa ka filimuyo pafoni, mumupatse tikiti yaulere, ndipo ngati bwana wake alola, mumupatse malaya olembedwa dzina la filimu kuti azivala Lachisanu ndi Loweruka. Akaikonda, adzaitchula yekha popereka chenji.

Maposita amatidwe m'kati mwa galasi ndi pafupi ndi kauntala, pamene maso a munthu woima pamzere amagwera. Mzuzu ndi wa mvula ndi mawawa, ndipo posita yomatidwa panja imatha kusuluka m'masiku atatu. Zolemba zikhale zochepa: dzina la filimu, malo, tsiku, nthawi, mtengo ndi mawu akuti "Matikiti ali pano". Popeza ambiri mumzindawu amalankhula Chitumbuka kunyumba, mzere umodzi wa Chitumbuka pansi pa Chichewa umaonetsa kuti filimuyo yabwera kwa eni mudzi, koma mupemphe wodziwa bwino chiyankhulocho akulembereni. Masitolo ogulitsa ma TV ndi mawailesi ali ndi mwayi wina, chifukwa makanema awo amakhala oyaka tsiku lonse: apatseni kachidutswa ka mphindi imodzi kuti kazibwerezabwereza. Muwapatse kachidutswa kokhako, pakuti filimu yathunthu ikangolowa m'fulashi ya munthu wina, mudzaipeza kwa oika mafilimu m'mafoni kumsika inu musanatsegule holo.

Pa nthawi, milungu itatu ndi yokwanira. Mlungu woyamba maposita akwere, wachiwiri matikiti ayambe kugulitsidwa pamodzi ndi kulengeza pa wailesi za mumzinda monga Radio Tigabane ndi Voice of Livingstonia, mukutchula maina a masitolo momveka bwino, ndipo wachitatu ochita sewero akaime m'masitolomo ola limodzi kapena awiri kuti anthu ajambulitse nawo. Tsiku loonetsa ligwe kumapeto kwa mwezi pamene ogwira ntchito alandira, ndipo muyambe mwamsanga kuti anthu apeze akabaza ndi mataksi pobwerera, makamaka mu June ndi July pamene kuzizira kwa usiku kumabweza anthu m'nyumba.

Filimu ikatha, m'mawa wa Lolemba zungulirani masitolo onse muli ndi panganolo m'manja. Werengani matikiti otsala pamaso pa mwini sitolo, mumupatse gawo lake nthawi yomweyo, muchotse maposita anu ndi kupukuta guluu pagalasi, ndipo mumuuze chiwerengero cha anthu amene analowa ndi matikiti a m'sitolo yake.