Ahedi akasamuka, mwambo wa pasukulu usasamuke nawo

Kuyambitsa njira yolera ana powaphunzitsa khalidwe ndi kuwayamikira, m'malo mwa ndodo ndi chibalo, sikovuta kwenikweni. Vuto limadza kalata yosamutsa ikafika. Ahedi amene anaiyambitsa apita, aphunzitsi awiri atsatira, ndipo teremu isanathe ana ayambanso kukumba dzenje dzuwa lili paliwombo. Zimandipweteka, chifukwa ndaona ana akusintha ndi njirayi.

Ku America njirayi amaitcha PBIS (Positive Behavioral Interventions and Supports). Inakula m'ma 1990 ku University of Oregon, kudzera mwa Rob Horner ndi George Sugai, ndipo eni ake amalangiza kuti musayambe aphunzitsi 80 pa 100 aliwonse asanavomere. Ine ndimawonjeza kuti chivomerezocho chimatha. Amene anavomera akachoka, funsaninso kuchiyambi kwa chaka chilichonse.

Malamulo akhale atatu kapena asanu basi. Athu ndi ulemu, kusamala ndi kusunga nthawi. Koma mawu atatuwo paokha sathandiza mphunzitsi wobwera dzulo. Lembani tanthauzo lake pamalo paliponse. Pamjigo, ulemu ndi kudikira pamzere osakankha mwana wa Sitandade 1. Paphala, kusamala ndi kutsuka kapu. Kuchimbudzi, ndi kuvundikira ndi kusamba m'manja. Pepala limodzi likwanira. Limateni m'kalasi iliyonse, lina lipite kwa wapampando wa komiti ya sukulu.

Ntchitoyi isakhale m'manja mwa munthu mmodzi, ngakhale waluso chotani. Pakhale kagulu: wachiwiri kwa ahedi, mphunzitsi wa makalasi aang'ono, wa makalasi akuluakulu, mmodzi wa komiti, ndi mayi wa Mother Group. Awiri omalizawa ndimawadalira kwambiri, pakuti boma siliwasamutsa. Udindo uliwonse ukhale ndi wina woudziwa, ndipo upampando uzisinthana.

Chomwe ndimachisamala koposa ndi kope lolembamo za khalidwe la ana. Lathu ndi lachikuto cholimba, lili ndi mizere isanu: tsiku, nthawi, malo, chomwe chachitika, ndi chomwe tachita. Kamodzi pamwezi kagulu kaja kamawerenga. Mukaona kuti ndewu zambiri zikuchitikira pamjigo nthawi yopuma, simufunika kukalipira sukulu yonse pa asembule. Mumatengera ana kumjigoko, kuwaonetsa kaimidwe ka pamzere, n'kuikapo mphunzitsi mlungu umodzi. Mwezi wotsatira kope lomwelo likuuzani ngati zatheka. Kafukufuku wa katswiri wa PBIS, Kent McIntosh, ndi anzake anapeza kuti sukulu zomwe magulu ake amagwiritsa ntchito ziwerengero zotere kawirikawiri ndi zomwe njirayi imakhalitsa.

Mphunzitsi watsopano musangomupatsa choko ndi kalasi. Mlungu woyamba ayende ndi mnzake wakale, amve mmene timayamikirira: osati "wachita bwino" chabe, koma "zikomo podikira mnzako amalize kulankhula". Ana a Sitandade 7 amuyendetse pasukulu akumufotokozera malamulo okha. Mwana akawanena ndi pakamwa pake, mlendo amazindikira kuti zinthuzi n'zenizeni.

Ahedi atsopano ndiye amafuna nzeru. Musawalonjere ndi mawu akuti "kuno timatere", chifukwa palibe mtsogoleri amene amakonda kumangidwa manja asanakhale n'komwe pampando. Apatseni kopelo ndi pepala lija, aone okha kusiyana kwa teremu yoyamba ndi yachitatu. Kenako afunseni chomwe angakonde kukonza. Akafuna kusintha nyimbo ya pa asembule kapena mphoto ya kalasi yaukhondo, aloleni ndi mtima wonse. Malamulo atatu aja, kagulu ndi kope ndizo muziteteze.

Izi zonse zilowe mu SIP, dongosolo lotukulira sukulu, pamodzi ndi ndalama yogulira makope ndi mapepala, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni, adziwe. Pa tsiku losiyirana ntchito, kope la khalidwe lilembedwe pamndandanda wa katundu, ndipo wapampando wa komiti asainire nawo.