Mphete ikakana kutuluka pachala, musadikire tsiku la sikelo

Ndikakhala pansi ndi amayi a Mvano ku Mbare kapena ku Mufakose, muno mu Harare ku Zimbabwe, ndimakonda kufunsa kuti sikelo anayamba mimba ili ya miyezi ingati. Ambiri amati isanu, ena mpaka 7. Chifukwa chake ndi chimodzimodzi ndi cha kumudzi ku Dedza kapena ku Ntcheu: mimba salengeza, anthu angakumangire. Sindikutsutsa zoti mubise. Bisirani aneba, koma namwino musamubisire.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti mayi woyembekezera azionana ndi azachipatala maulendo osachepera 8, ndipo ulendo woyamba ukhale mimba isanapitirire masabata 12. Pa ulendo umenewu amakuyezani HIV ndi chindoko, amaona ngati magazi ali okwanira, amakupatsani mapiritsi a ayironi ndi folic acid, komanso amaona za katemera wa kafumbata. Chindoko chimachizika ndi jakisoni wa penisilini, koma chikapezeka mochedwa chimatha kupha mwana ali m'mimba. Mapiritsi a ayironi aja amadetsa chimbudzi, ena amawachitira nseru. Imwani madzulo mutadya nsima, osati ndi tiyi, musawataye kuseri kwa nyumba.

Koma chimene ndikufuna tikhalepo kwambiri ndi BP. Matenda a kuthamanga kwa magazi a amayi apakati amayamba mimba ikadutsa masabata 20, ndipo poyamba samapweteka paliponse. Mayi amachapa, amakagulitsa tomato kumsika, akuseka ndi anzake, chonsecho makina akuwerenga 140 pa 90 kapena kuposa. Ndiye chifukwa chake namwino amakumangani kansalu pamkono ulendo uliwonse ndi kukupemphani mkodzo m'kabotolo. Akufuna aone ngati impso zayamba kutayira pulotini mumkodzo. Mufunseni akuuzeni manambalawo, ndipo onetsetsani kuti alembedwa pa khadi lanu.

Mapazi kutupa madzulo n'kofala, pakokha si koopsa kwenikweni. Chondidetsa nkhawa ine ndi nkhope ndi manja. Mayi akadzuka m'mawa zikope zitafufuma, mphete yaukwati ikukana kutuluka ngakhale aipake sopo, mutu ukuwawa osamva panado, maso akuona tinthu tothwanima kapena chifunga, kapena pansi pa nthiti chakumanja pakupweteka, nyamukani tsiku lomwelo. Mukachedwa, chotsatira chake chimatha kukhala kukomoka ngati wa khunyu, ndipo zikatero moyo wa mayi ndi wa mwana uli pachiswe. Kuchipatala ali ndi jakisoni wa magnesium sulphate woletsa kukomokako, ndipo nthawi zina adokotala amaganiza zochiritsa mayi masiku asanakwane. Achibale musakangane nawo pamenepo.

Kutaya magazi muli ndi pakati, madzi kutuluka matenda a kubereka asanayambe, kutentha thupi, mwana kusiya kugunda monga mwa masiku onse: izinso n'zosagona nazo, thamangirani kuchipatala.

Muno mu Harare timayambira ku makiliniki a khonsolo, monga Edith Opperman ku Mbare kapena polyclinic ya ku Mabvuku, ndipo zikavuta amatitumiza ku Sally Mugabe, komwe ambiri timangoti ku Gomo, kapena ku Mbuya Nehanda ku Parirenyatwa. Mtunda si wautali ngati kumudzi. Chimachedwetsa ndi usiku. Makombi (maminibasi) asiya kuyenda, magetsi azima, foni yatha batire, bambo ali kuntchito yaulonda. Abambo, gawo lanu ndi ili: mimba ikafika miyezi 7 pezani munthu wagalimoto amene angadzuke 2 koloko usiku, mugwirizane mtengo, ndalama yake muiike padera, osaibwereka ya ndiwo. Chikwama chikhale chomangamanga, muli khadi la sikelo, zitenje zochapa bwino (anzathu kuno amati zambia), mapadi, tochi ndi zina zimene namwino wakuuzani.

Apongozi ndi azakhali, ndikudziwa kuti mankhwala ofulumizitsa matenda, aja kwathu timati mwanamphepo, mumawapereka mwachikondi. Vuto lake alibe muyeso. Chiberekero chimakoka mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, ndipo chimatha kung'ambika, makamaka kwa mayi amene anachitidwapo opareshoni. Ngati wamwa kale, muuzeni namwino mosabisa.

Mayi akachira musafulumire kumasuka. Kutaya magazi mwana atabadwa ndiko kumapha amayi ambiri kuposa china chilichonse, ndipo kuchipatala amabaya oxytocin mwana akangotuluka kuti chiberekero chikhwinyate. WHO inawerengera kuti mu 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse anali a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Padi ikamadzaza ola lisanathe, kapena mutu woopsa uja ukabwera m'masabata 6 oyamba, bwererani.

Pali phindu linanso kwa ife a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene tavutika ndi zitupa zaka zambiri. Mwana wobadwira kuchipatala amapatsidwa chikalata chotsimikiza kubadwa kwake, ndipo ndi chimenechi mumakatengera setifiketi ya kubadwa. Lamulo limati alembetsedwe m'masiku 42. Chisungeni m'pulasitiki pamodzi ndi khadi la mwana la sikelo.