Kumata vinyl ya carbon m'kati mwa galimoto kuti isamatuke

Polo Vivo yanga ndinaigula kwa munthu wina ku Rosettenville, kumwera kwa Joni, itayenda kale ndithu. Injini inali bwinobwino, koma pulasitiki wozungulira wailesi ndi giya anali atakalikakalika ndi makiyi ndi zikhadabo. Ine ndimanyamula anthu pa Bolt, takisi yoitanitsa pa foni, ndipo wokwera kutsogolo maso ake amafikira pomwepo. Ndinamata vinyl ya carbon kawiri. Yoyamba inamatuka mwezi usanathe, yachiwiri idakalipo mpaka lero. Anzanga a ku Turffontein kuno akhala akundifunsa, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi.

Choyamba mudziwe chimene mukugula. Carbon weniweni ndi ulusi wolukidwa, woumitsidwa ndi utomoni, wa galimoto za mpikisano. Yathuyi ndi pepala la pulasitiki wa PVC lokhala ndi guluu kunsi, pamwamba anadindapo maonekedwe a ulusiwo. Ilipo ya mitundu iwiri. Ya cast ndi yopyapyala, imafewa bwino ikamva moto, ndipo imagona m'makona. Ya calendered ndi yotchipa, yokhuthala, koma imakonda kubwerera m'mbuyo ikatenthedwa ndi dzuwa. Mukapita ku sitolo ya zomata galimoto kapena kwa olemba zikwangwani, funsani mwachindunji kuti ndi ya cast kapena ayi. 3M 2080 ndi Avery Dennison ndi mayina odalirika. Tembenuzani pepalalo, mumatuleko pang'ono: yabwino imakhala ndi timizere ting'onoting'ono pa guluu, njira zotulukira mpweya. Mpukutu umakhala wa mamita 1.52 m'lifupi, choncho mita imodzi imakwana m'kati mwa galimoto yaing'ono, yotsala n'kuphunzirirapo. Ine ndimakonda yosanyezimira. Yonyezimira ija amati 5D imakongola pa sitolo, koma dzuwa la masana likagunda pa dashibodi imakuthobwani m'maso muli pa msewu waukulu wa M1.

Zida n'zochepa: heat gun (chida chowomba mpweya wotentha), squeegee (kapulasitiki kosalazira) yokhala ndi kansalu kofewa kumapeto, kampeni kothyola nsonga kokhala ndi malumo atsopano angapo, nsalu za microfibre, isopropyl alcohol (spiriti wopukutira), zotsegulira zapulasitiki, ndi sikuludilaiva ya Torx chifukwa VW imakonda zomangira za nyenyezi. Dilaya ya tsitsi imafewetsa vinyl, koma siifika pa kutentha kofunika kumapeto kwa ntchito. Ngati mulibe heat gun bwerekani kwa mnzanu wokonza mafoni kapena wopenta.

Gululani zidutswa za pulasitiki zimene mukufuna kumata. Ena amamata zili pomwepo n'kudula m'mphepete, koma lumo limacheka dashibodi, ndipo mphepete yosapindira kumbuyo siichedwa kudzuka. Lowetsani chotsegulira chapulasitiki pafupi ndi pamene pali kilipi, mukankhe pang'onopang'ono mpaka mutamva kuti thwa, kenako mupite pa kilipi yotsatira. Sikuludilaiva yachitsulo musaiyandikize, imasiya zipsera. Chidutswa chikakana, musalimbane nacho, pali chomangira chobisika penapake, mwina pansi pa kalabala ka m'kabokosi kapena kuseri kwa chogwirira chitseko. Jambulani ndi foni mawaya musanazule. Mu June ndi July pulasitiki amauma gwa ndi kuzizira ndipo makilipi amathyoka msanga, ndiye imikani galimoto padzuwa kaye kapena yatsani hita mphindi zingapo.

Apa ndikupempheni, achimwene: paliponse palembedwa AIRBAG (thumba la mpweya loteteza munthu pangozi) musamatepo, kaya ndi pakati pa chiwongolero kaya ndi kutsogolo kwa wokwera. Chivindikirocho anachipanga kuti ching'ambike pangozi. Mawaya a mapulagi achikasu ndi a airbag, asiyeni. Ngati mukugwira pafupi nawo chotsani kaye waya wa negative pa batire, mudikire mphindi khumi.

Tsopano kutsuka, pamene ine ndinagwa ulendo woyamba. Galimoto za kuno pafupifupi zonse zimadutsa pa car wash, ndipo anyamata amathira polishi wa dashibodi kuti kasitomala aone kuwala. Polishi ameneyu ali ndi silicone, ndipo guluu sagwira pa silicone. Amalowa m'timaenje ta pulasitiki, n'kukhala momwemo zaka. Tsukani chidutswa chilichonse ndi madzi ofunda ndi Sunlight yamadzi, mukweche ndi mswachi wakale m'makona ndi kumbuyo komwe, chifukwa kumbuyoko n'kumene vinyl ikagwire. Chikauma, pukutani ndi alcohol kawiri kapena katatu, nthawi iliyonse ndi mbali yoyera ya nsalu. Yesani ndi chala chouma: chikamatsetsereka, polishi akadalipo, chikamakakamira n'kumalira kuti tswii, payera. Surgical spirit wa ku famase musagwiritse ntchito, amasakanizamo mafuta. Thinner amasungunula pulasitiki. Mukapeza pokalika kwambiri, salazani ndi sandipepala wosalala, chifukwa vinyl imaonetsa chilichonse chili pansi pake, ngakhale kamchenga kamodzi. Ndipo sambani m'manja, makamaka ngati mwadzola Vaseline.

Gwirirani ntchito m'nyumba, patebulo loyera, mazenera otseka. Mphepo ya August imanyamula fumbi la m'milu ya migodi kumwera kuno, ndipo vinyl ikangomatulidwa imakoka fumbi ngati maginito. Imafuna kutentha kwa madigiri 16 a Celsius kupita m'mwamba. M'mawa wa nyengo yozizira imakhala youma ngati chikopa ndipo ikhoza kung'ambika mukamakoka, choncho dikirani masana. Onaninso kuti magetsi sathima nthawi imeneyo, heat gun ingakuthereni muli pakati pa ngodya.

Podula, yalani zidutswa zonse pa vinyl momwe zimakhalira m'galimoto, kuti mizere ya carbon iloze mbali imodzi. Chitseko chakumanja mizere ikakwera, pa wailesi n'kutsika, aliyense amaona ngakhale sadziwa chalakwika. Siyani masentimita atatu kapena anayi mbali zonse kuti mukhale ndi pogwira.

Yambani ndi chidutswa chosavuta, monga cha mabatani a mawindo. Matulani pepala lakumbuyo, mugoneke vinyl pamwamba osakanikiza, kenako muyambire pakati posalala kukankhira kunja ndi squeegee. Pamalo osalala moto sufunika konse. Makwinya akabwera musawapondereze, akapindika sachokanso. Dzutsani vinyl mofulumira, muiwombe moto pang'ono, mudzaona ikudziwongola yokha, ndiye mugonekenso. Heat gun ikhale patali ngati chikhatho ndi theka, ikuyendayenda, masekondi awiri kapena atatu basi. Vinyl ikayamba kuwala ngati yanyowa, mwapyoza.

Pangodya gwirani vinyl ndi manja awiri motambasula, musakoke ndi nsonga za zala pamalo amodzi. Fewetsani, kokani ngodyayo kaye, mbali ziwirizo zibwere pambuyo. Yang'anani mizere: timabwalo ta carbon tikayamba kutalika, mwakoka kwambiri. Pa mabowo a mabatani ndi a mpweya, matani pamwamba ngati palibe bowo, kenako mudule pakati ndi kusiya mamilimita asanu opindira m'kati. M'makona mwa bowo chekani timizere tating'ono, koma tisafike kumaso. Lumo lithyoleni pafupipafupi. Lobuntha limakoka vinyl m'malo modula.

Kumbuyo kwa chidutswa pindirani mamilimita asanu mpaka khumi, zotsala mudule kuti zisaphimbe makilipi. Ngati muli ndi 3M Primer 94, mankhwala othandiza guluu kugwira, pakani kamzere kopyapyala kumbuyoko ndi m'malo olowa m'kati, kaume mphindi zisanu musanapinde. Musapake paliponse, tsiku lofuna kumatula mudzavutika.

Chimene anthu ambiri amadumpha ndi ichi. Vinyl imakumbukira kuti inali yosalala pa mpukutu, ndipo paliponse pamene mwaikoka imafuna kubwerera. Joni ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, dzuwa la December limaotcha m'galimoto yotseka mpaka chiwongolero osagwirika. Nditamata koyamba ndinaimika galimoto pa mall masana, pobwera ndinapeza makona onse a pa wailesi atadzuka ngati mamba a nsomba, guluu atatota. Zinandiwawa, chifukwa ndinali nditathera Loweruka lonse pamenepo. Mankhwala ake ndi kuwotchanso mukamaliza: m'mphepete monse, m'makona, m'maenje, paliponse munakoka, vinyl ifike madigiri 90 mpaka 100. Pamenepo imaiwala mpukutu n'kutenga thupi la chidutswacho. Kathemometa koloza ndi kuwala kamathandiza kwambiri, chifukwa kungoyerekeza n'kovuta ndipo pulasitiki wopyapyala amapindika mukakhalitsa pamalo amodzi. Yendani pang'onopang'ono, gawo lalifupi nthawi imodzi, mukanikize ndi chala chokulunga m'nsalu kukadali kotentha. Thuza la mpweya likatulukira, liboleni ndi singano m'mbali, mukankhire mpweya kubowoko.

Pulasitiki wamanyamanya wofewa wa pamwamba pa dashibodi musavutike naye, vinyl siigwirapo nthawi yaitali. Ine ndinamata malo asanu okha: pa wailesi, pa giya, pa mabatani a zitseko ziwiri zakutsogolo, ndi kamzere ka pamwamba pa kabokosi. Ndikaona galimoto yomatidwa paliponse ndimaona kuti yadzaza mopitirira, diso limasowa popumira.

Zidutswa zigone m'nyumba maola 24 guluu agwire, kenako mubwezeretse. Lumikizani mawaya onse musanalumikize batire, ndipo muyese mabatani a mawindo ndi hazadi musanakhome makilipi omaliza. Batani likamakakamira, vinyl yachuluka m'bowo, chepetsani ndi lumo. Posamala pake n'posavuta, nsalu yonyowa basi. Ku car wash ndimawauza anyamata ndisanatsike kuti polishi asafike pamenepo, ndipo galimoto ikaima padzuwa ndimayala chotchinga pa galasi lakutsogolo.