Kutsata misonkhano ya asayansi a ku Arctic ndi Antarctica uli ku Mulanje

Ndimaphunzitsa jogalafe pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Chitakale. Ana anga ayezi amamudziwa wa mufiriji ndi matalala basi, kupatula awiri atatu amene anagonapo kuphiri mwezi wa June n'kudzuka udzu utayera ndi chisanu. Komabe silabasi imafuna kuti ndiwafotokozere za kusungunuka kwa madzi oundana kumapeto a dziko lapansi. Ndiye ndinayamba kutsata misonkhano ya akatswiri eniakewo pafoni, ndipo umu ndi mmene ndimachitira.

Yambani mwadziwa eni misonkhano. Za ku Antarctica, kumapeto a dziko chakummwera, ndi bungwe la asayansi la SCAR, lomwe linakhazikitsidwa mu 1958. Msonkhano wake waukulu umachitika pakatha zaka 2 zilizonse, ndipo wa 2024 unali ku Pucón m'dziko la Chile. Za ku Arctic, kumapeto a dziko chakumpoto, ndi komiti ya asayansi ya IASC, ya mu 1990, imene imakonza Arctic Science Summit Week chaka ndi chaka. Palinso Arctic Circle Assembly wa ku Reykjavik m'dziko la Iceland mu October, koma kumeneko andale ndi amalonda amachuluka pakamwa. Ine ndimangosankhako nkhani ziwiri zitatu. Ngati ndinu wophunzira kapena mphunzitsi, lembetsani ku APECS, bungwe la ofufuza ongoyamba kumene. Kulowa n'kwaulere, ndipo uthenga wa misonkhano umakupezani pa imelo.

Musathamangire kuonera zonse. Funani kaye ndandanda wa msonkhano ndi chidule cha nkhani iliyonse, poti zolembazi sizidya bandulo ngati kanema. Chongani nkhani zitatu zokha. Kenako werengerani nthawi, apa ndi pamene ndinapsa nazo: mu August, Chile amakhala kumbuyo kwathu ndi maola 6, ndiye nkhani ya 3 koloko masana kwawo kuno ndi 9 koloko usiku. Reykjavik ali kumbuyo ndi maola 2. Tsiku lina ndinadikira mpaka usiku, wokamba atangoonetsa chithunzi choyamba magetsi phethi, foni ili pa 8 peresenti. Kuyambira pamenepo ndimadikira zimene amadzaika pa YouTube, n'kuzikopera m'bandakucha netiweki isanadzaze.

Pomvetsera, khutu likhale pa chinthu chimodzi: akunena ayezi woyandama panyanja kapena wokhala pamtunda? Ambiri amasokoneza pamenepa, ngakhale aphunzitsi anzanga. Ine ndimatenga matambula awiri oonekera mkati, madzi ofanana. M'loyamba ndimaponyamo chibuma cha ayezi n'kulemba mzere ndi choko chonyowa pamene madzi alekeza. Pa lachiwiri ndimasanjika sefa ya tiyi, chibuma n'kukhala pamwamba pake. Pofika nthawi ya buleki, loyamba lija madzi ali pamzere pomwe paja, lachiwiri adutsa. Sefayo ndiye Greenland ndi Antarctica. Wa ku Greenland atasungunuka yense nyanja zikhoza kukwera ndi mamita pafupifupi 7, wa ku Antarctica pafupifupi 58.

Woyandamayo musamupeputse. Kuyera kwake kumabweza kuwala kwa dzuwa. Akachoka, madzi akuda amamwa kutentha. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Arctic watenthera mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse kuyambira 1979. Manambala a ayezi woyandamayu muwapeza ku NSIDC, bungwe losunga manambala a chisanu ndi ayezi la ku Boulder m'dziko la America, amene amaika mapu tsiku ndi tsiku. Yang'anani September pa za Arctic, ndi February pa za Antarctica, miyezi imene ayezi amachepetsetsa. Mu February 2023 wozungulira Antarctica anatsika kufika pa masikweya kilomita 1.79 miliyoni, kuchepa kumene masetilaiti anali asanakuonepo.

Mwezi wotsatira ndi umene Freddy anatigumulira mapiri kuno ndi ku Phalombe, ndipo mwana wina adzakufunsani ndithu ngati ayezi uja ndiye anabweretsa namondweyo. Musavomere msanga kuti mumusangalatse. Muuzeni kuti mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, pafupifupi 7 peresenti pa digiri iliyonse, ndipo kutentha komweko ndi kumene kukudya ayezi. Wina akati kodi ife nyanja yamchere ikutikhudza pati, ndimamutuma akafunse bambo ake kuti feteleza ndi mafuta zimatsikira padoko liti. Mawa lake amabwera yekha ndi yankho: Beira ndi Nacala.