Momwe mungatetezere WhatsApp ndi Facebook yanu kwa akuba

Nthawi zambiri zimayamba ndi uthenga wochokera kwa munthu amene mumamudziwa bwino: "Pepani, ndatumiza manambala kwa inu molakwitsa, tandibwezerani." Mukayang'ana, pafoni palowadi SMS ya manambala 6. Mukangowatumiza, WhatsApp yanu yapita. Wolembayo ndi wakuba amene walanda kale akaunti ya mnzanuyo, ndipo manambalawo ndi amene WhatsApp imatumiza munthu akafuna kulembetsa nambala yanu pafoni ina.

Choyamba ndiye chimenecho: manambala amenewa musapatse aliyense, ngakhale atadzitchula kuti ndi wogwira ntchito ku WhatsApp komweko.

Kenako tsegulani WhatsApp, pitani pa Settings, mulowe pa Account, musankhe Two-step verification, chitetezo choonjezera chimene chimafunsa PIN munthu akafuna kulembetsa nambala yanu pafoni ina. Ikani PIN ya manambala 6, muwonjezerepo ndi imelo chifukwa PIN imaiwalika. Koma tsiku lanu lobadwa lisakhale PIN chonde, si anthu amakufunirani mafuno abwino pa Facebook chaka chilichonse tsiku lomwelo? Musanatuluke, onaninso pa Linked devices, pamene pamaoneka makompyuta ndi mafoni ena olumikizidwa ku WhatsApp yanu. Mukapezapo kompyuta yachilendo, ichotseni pompo.

Ku Facebook, fufuzani Password and security. Yatsani Two-factor authentication (chitetezo chofunsa manambala apadera kuwonjezera pa pasiwedi), muonenso mndandanda wa mafoni ndi makompyuta amene akaunti yanu yatsegulidwapo. Pasiwedi ya Facebook ikhale yosiyana ndi ya imelo.

Akuba ena salanda n'komwe akaunti. Amangokopera zithunzi ndi dzina lanu, n'kutsegula ina yofanana ndendende, kenako n'kuyamba kulembera abale anu kuti mwagwa m'vuto, akutumizireni ndalama msanga. Choncho bisani mndandanda wa anzanu kuti uzioneka kwa inu nokha, ndipo chithunzi cha chiphaso kapena pasipoti chisapezeke patsamba lanu. Nanunso wina amene muli naye kale akakupemphaninso ubwenzi, kapena akapempha ndalama mokufulumizitsani, muimbireni pa nambala imene munasunga kale, mumve mawu ake.

Ngati akulandani kale WhatsApp, lembetsaninso nambala yanu pafoni yanu. Mukalowetsa manambala atsopano a pa SMS, wakubayo amatulutsidwa. Akakhala kuti anaikapo PIN yake, mudikira masiku 7 kuti mulowe popanda PIN-yo, koma iye amakhala atatuluka kale. Ya Facebook mumaibweza kudzera pa facebook.com/hacked. Pamene mukudikira, imbirani abale ndi anzanu kuwachenjeza kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu.