Musanapereke pasipoti yanu kwa ejenti

Mvula ikatha, tiyi akachepa m'maesiteti, achinyamata kuno ku Luchenza amayamba kukamba za ulendo. Ine ndinakhalako ku Joni zaka zinayi, ndiye achimwene ndi achemwali, tamverani.

Ejenti akakulonjezani ntchito kunja, mufunseni kontirakiti yolemba: dzina la bwana, mtundu wa ntchito, malipiro, maola, ndiponso amene adzalipire tikiti yobwerera. Pepalalo pitani nalo ku ofesi ya zantchito pa boma la Thyolo akalione. Akamakufulumizitsani kuti ndege ikunyamuka mawa, bwererani kunyumba. Mchemwali wanga anapulumuka motero. Munthu wina analonjeza kumupezera ntchito ya mu ofesi ku Arabu, koma titapempha pepala, foni yake inasiya kugwira. Mu 2024 BBC inaulutsa za amayi a ku Malawi amene anazunzidwa m'nyumba za mabwana ku Oman, ndipo oposa 50 anachita kuwomboledwa. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, choncho musaope kukanena kupolisi.

Pasipoti kakonzetseni nokha ku Immigration ku Blantyre, ndipo isachoke m'manja mwanu. Bwana akaisunga, wakumangani miyendo. Ijambuleni pa foni pamodzi ndi chiphaso cha unzika ndi satifiketi ya MSCE, mutumize pa WhatsApp kwa mbale amene sasinthasintha nambala.

Masiku 30 amene amakudindirani pa Beitbridge, chipata cholowera ku South Africa kuchokera ku Zimbabwe, ndi a kucheza, si chilolezo cha ntchito. Ine izi ndinazimvetsa mochedwa, nditayamba kale kubisala ndikaona galimoto ya apolisi.

Tsono za thupi, zimene ambiri amachita nazo manyazi. Ngati mumamwa ma ARV kapena mankhwala a khunyu, auzeni a kuchipatala kuti muli pa ulendo, mupemphe a miyezi ingapo ndi kalata yokalandirira kwina. Buku la kuchipatala likhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi. Mnzanga wina anasiya kumwa miyezi iwiri poopa kufunsidwa mapepala ku kiliniki, tinachita kusonkherana ndalama kuti abwerere kwawo ku Thekerani.

Ngati ulendo sunapse, yambani mwaphunzira luso. Kuwotcherera, ukalipentala kapena zamagetsi ndi pepala la TEVETA zimakupatsani pakamwa pokambirana malipiro. Amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anali wowotcherera, ndipo mabwana ndiwo ankamuimbira foni.