Kaphikidwe ka mabiringanya kuti asamwe mafuta ambiri

Mabiringanya amamwa mafuta kuposa ndiwo zambiri chifukwa cha mmene mnofu wake ulili. Mkati mwake muli timibowo tambirimbiri todzaza mpweya ngati chinkhupule, ndipo mafuta akangokhudza mnofuwo amalowa m'timibowomo. N'chifukwa chake chiwaya chimauma mabiringanya akangoikidwamo, wophika n'kuganiza kuti mafuta achepa, n'kuthira ena. Chofunika ndi kuphwetsa timibowoto mabiringanya asanakumane ndi mafuta.

Pogula sankhani olimba, a khungu losalala ndi lonyezimira, komanso olemera mukawanyamula, pakuti okhalitsa amakhala ofwofwoka ndiponso a njere zambiri. Aduleni mokhuthala pafupifupi masentimita 1.5. Zidutswa zopyapyala kwambiri zimaoneka bwino m'mbale, koma ndizo zimatha mafuta, popeza mnofu wochuluka umakhala poyera.

Njira yodalirika kwambiri ndi ya mchere. Wazani supuni yaing'ono imodzi ya mchere pa biringanya limodzi lalikulu, sakanizani ndi manja, kenako ikani zidutswazo m'sefa kapena palichero loyera kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Mudzaona timadontho tamadzi pamwamba pake, ndipo zidutswazo zidzafota pang'ono. Anthu ambiri amati mcherewo ndi wochotsa kuwawa, ndipo kale zinali choncho, koma mitundu yambiri imene ikulimidwa masiku ano siwawa kwenikweni. Ntchito yaikulu ya mchere ndi kukoka madzi kuti mnofu ugwirane. Tsukani mcherewo mwachangu, ndipo finyani zidutswazo m'nsalu yoyera mpaka ziume. Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi, chonsecho madzi otsalawo amaziziritsa mafuta ndi kuwathethetsa, motero ntchito yonse ya mchere ija imapita pachabe. Kumbukiraninso kuchepetsa mchere wa m'ndiwo, chifukwa wina walowa kale.

Ngati nthawi yachepa, ikani zidutswazo pa nthunzi ya madzi owira kwa mphindi 5, kapena m'poto wovundikira wokhala ndi timadzi tochepa, kenako muziumitse chimodzimodzi.

Pokazinga, yambani mwatenthetsa chiwaya, ndipo mafuta atenthe ndithu musanaike kanthu. Amene ali ndi choyezera afikitse pa madigiri 175 mpaka 180. Amene alibe aponyemo kachidutswa kamodzi, ndipo ngati sikachita phokoso nthawi yomweyo adikire kaye. Mafuta ofunda amalowa mkati, pamene otentha bwino amaumitsa kunja msanga. Musadzaze chiwaya, chifukwa zidutswa zikathinana kutentha kumatsika. Chabwino koposa ndi kupaka mafuta pa zidutswa zenizenizo ndi burashi kapena kumsana kwa supuni m'malo mowathira m'chiwaya, ndipo mukatero supuni zazikulu ziwiri zimakwanira biringanya lonse. Chiwaya chikauma, musawonjezere mafuta: chepetsani moto, thirani supuni ziwiri za madzi ndi kuvundikira. Mnofu ukapsa umafewa n'kubweza ena mwa mafuta amene unamwa, kotero kudekha kumapulumutsa botolo. Mukaphula, yalani zidutswazo pa pepala lakukhitchini kapena m'sefa, osaziunjika.

Mu uvuni, zidutswa zopakidwa mafuta zimapsa pa madigiri 200 mpaka 220 kwa mphindi 25 kapena 30, ndipo muzitembenuze kamodzi pakati pa nthawiyo.

Komabe pamene pali mbaula, palibe chifukwa chokazingira n'komwe. Bowolani biringanya lathunthu ndi foloko m'malo angapo kuti lisaphulike, liikeni pa makala, ndipo muzilitembenuza mpaka khungu lide ndi mkati monse mufewe. Likazizira pang'ono, sendani khungulo, phwanyani mnofu ndi foloko, n'kuuthira mu anyezi, adyo ndi tomato zimene mwakazinga ndi supuni imodzi ya mafuta. Ku India amaphika motere ndiwo yotchedwa baingan bharta, ndipo ku Lebanon mnofu womwewo amausakaniza ndi chitowe chopera, adyo ndi mandimu. Kuno kwathu mukhoza kuutendera: wiritsani tomato ndi anyezi m'madzi ochepa, thirani nsinjiro ndi mnofu wowotchawo, ndipo takasani pa moto wochepa kwa mphindi 10 mpaka nsinjiro zipse. Mafuta a mtedzawo ndi okwanira, choncho musathiremo ena.